Mabokosi Awiri Pakati pa Amayi ndi Amalume

"Tsitsa zinyalala zakozo padenga! Wadanitsa nkhalamba ziwiri iwe, unopenga here?"

Anali achemwali anga amenewo, ataima pakhomo pa nyumba ya makolo athu ku Zengeza 3, kufupi ndi Halale, tsache lili m'manja. Iwo akakwiya amayamba m'Chichewa n'kukamalizira m'Chishona. Ine ndikakwiya sindimaliza chiganizo, ndimaponya chimene ndagwira. Tsiku limenelo ndinagwira pulayala, ndipo inakagwera m'bedi la repu kuseri kwa mpopi.

"Sisi, musatchule ntchito yanga kuti zinyalala. Mawu amamveka kapena samveka?"

"Amamveka."

"Nanga tsono?"

"Nanga tsono amalume sakuyankha foni. Amayi chakudya akungochiyang'ana. Iwe uli pano ndi nanga tsono wakoyo."

Amayi atsala ndi mlongo mmodzi yekha padziko, wobadwa pambuyo pawo, amene amakhala kumudzi ku Dedza. Ndiwo eni mbumba yathu, ngakhale ine ndinawaonapo ndili mwana wa pulayimale basi. Amayi anabwera kuno ali mtsikana, kutsatira bambo amene ankagwira ntchito kufakitale, ndipo tsopano miyendo yawo singapirire basi yodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete. Sadzapitanso, amadziwa okha. Chimene chinawatsalira ndi Lamlungu masana, tikabwera nawo kutchalitchi, kukhala pabedi ndi foni n'kucheza ndi mlongo wawoyo. Adzukulu awo Chichewa amachimva koma amayankha m'Chishona. Munthu amene amawayankha momwe iwo amafunira kuyankhidwa ndi amalume okha. Ndiye amalumewo anali atasiya kuyankha, ndipo achemwali ankati wolakwa ndine.

Ntchito ya mawaya ndinaiphunzira m'nyumba yomweyi. Bambo, amene anatisiya kalekale, anali ndi wailesi yaikulu yovala chikopa, imene madzulo ankasakira nayo mawu a kwathu. Mawuwo ankabwera ngati munthu woledzera, kuyandikira, kudzandira n'kupita, kuyandikiranso. Bambo anamanga waya kuchoka pawindo kukafika pamtengo wa mapeyala, ndipo ataona kuti sakukwana anamanga wina kupita kumpanda wa aneba, mbali ina. Ankati waya wina akagona mnzake amakhala ali maso. Amuna a kwathu ankabwera kudzamvera, Akhristu ndi Asilamu omwe, atakhala pa makireti, zipewa zili pamawondo. Nyimbo ya kumudzi ikamveka, ngakhale yodzaza phokoso ngati mvula pa malata, panalibe wotsokomola. Ana a mumsewu mwathu ankatiseka kuti Mabhurandaya, dzina lonyozera ife obwera, asonkhana kumvera mvula. Ndinathyola dzino la mmodzi wa iwo chifukwa cha mawu amenewo. Bambo anandikwapula pamaso pa makolo a mwanayo, kenako anandigulira banzi.

Masiku amenewo uthenga weniweni wa kumudzi unkayenda pakamwa. Wina ankauza wina pa basi, winayo n'kuuza mnzake wa kufakitale, mnzakeyo n'kufika nawo pakhomo pathu utatopa ndiponso utasintha nkhope. Munthu amene kumudzi anathyoka mwendo, kuno ankafika atafa. Amayi ankalira kaye, n'kumadikira mlendo wina kuti adzamudzutse.

Titagula tivi, wokwera padenga ndinakhala ine. Eriyo inali pamtengo wa bulugamu, ndipo mphepo ikawomba chithunzi chinkasanduka mchenga wokhawokha. Bambo ankakhala patsogolo pa tivi, ine padenga, ndipo pakati pathu pankafunika munthu woima pawindo kupereka mawu. Akakhala achemwali, ankangokuwa chilichonse chotuluka m'kamwa mwa bambo, ndi zotukwana zomwe. Zungulitsa, iyayi bwerera, mwana wopusa uyu, pomwepo. Zinkafika msanga, koma unkayenera kusankha wekha mawu a ntchito pakati pa mankhusu. Akakhala amayi, ankayamba amvetsera, aganize, achotse zotukwana, kenako n'kunena mofatsa kuti, "Akuti bambo ako uime pomwepo." Pofika nthawi imeneyo ine ndinali nditapitirira kale, chithunzi chathawa, bambo akumenya tebulo. Loweruka lonse linkathera pamenepo, ndipo sindikukumbukira kuti tinaonerapo mpira kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Komabe ndikamadutsa m'misewu ya ku Seke lero, madenga onse atavala madishi a tivi, ndimasowa nkhalango ija ya mitengo ya bulugamu, ndi ife titakhala pamwamba pa madenga a asibesitosi tikukuwirana nyumba ndi nyumba.

Nditamaliza fomu folo ntchito sinapezeke, ndiye ndinangopitiriza kukwera madenga a anthu. Maeriyo atatha ndinalowa madishi. Oika madishi atachuluka ndinalowa za intaneti. Zengeza 2, Zengeza 3, mayuniti a ku Seke, palibe msewu umene sindinaimikemo makwerero. Anthu amati ndili ndi pakamwa poipa koma amandiitanabe, chifukwa chimene ndamanga ine mphepo ya Ogasiti sigwetsa.

Nyumba ya makolo athuyi ili pamalo otsika, ndipo chipinda cha amayi chili kumbuyo, kumene netiweki ya foni sifikako. Poyamba tinkawatulutsa ndi mpando kukakhala pageti, koma makombi, maminibasi a kuno, ankasokosa, ndipo amayi sankafuna kuti nkhani za kumudzi zizimvedwa ndi msewu wonse. Ndiye ndinawaikira busita. Ndi kabokosi kopanda nzeru. Kali ndi eriyo imodzi padenga yoloza kunsanja ya mafoni, ina m'chipinda. Chimene yapadengayo yatola, kabokosi kamangochikuza n'kuchiponya m'chipinda nthawi yomweyo, osafunsa ngati ndi mawu kapena phokoso. Phokoso nalonso limakula. Mawu a amalume ankabwera odukaduka, ngati akulankhulira m'chitini, nthawi zina liwu lina n'kusoweratu. Amayi ankangoti, "Mwati bwanji achimwene?" iwo n'kubwereza, nkhani n'kumapita. Ine zinkandichititsa manyazi. Munthu woikira ena zinthu zabwino, mayi wake n'kumalankhula m'chitini.

Ndili ndi mnzanga amene tinakulira limodzi, Msilamu, mwana wa mmodzi wa amuna a pa makireti aja. Ali ndi golosale kumashopu, ndipo anaikamo waifai yamphamvu. Tsiku lina ndikumudandaulira za chitinichi anandidula mawu.

"Achimwene, pakamwa ponsepa koma nzeru yopempha ulibe? Koka kuno. Mayi ako ndi mayi anga."

"Ukadzandinena kumzikiti kuti ndimakudyera?"

"Ndimakunena kale, palibe chatsopano."

Kuchokera kugolosale kufika kwathu si patali, koma pakati pali nyumba yosanjikiza ndi mitengo italiitali. Bokosi limodzi silikanakwanitsa. Ndinaika awiri, lina padenga la telala wa pakona, lina padenga pathu, lililonse ndi kabatire ka sola chifukwa magetsi a kuno amabwera ngati mlendo.

Mabokosi amenewa timawatcha maripita, ndipo ali ndi nzeru. Salandira n'kuponya ayi. Ripita imayamba yamvetsera kaphukusi ka mawu, n'kukamasula, kuona ngati kali kathunthu, kutaya phokoso, kukamanganso mwatsopano, kenako n'kukatumiza kutsogolo. Kakafika koduka, imauza inzake kuti bwereza. Komanso singamvetsere ndi kulankhula nthawi imodzi, imachita kusinthanitsa. Iliyonse ili ndi nyanga zinayi. Njira ikakhala yoyera, nyanga iliyonse imanyamula katundu wakewake ndipo zinthu zimathamanga. Njira ikavuta, bokosi limasankha lokha kuti nyanga zonse zinyamule katundu mmodzi yemweyo, kuti ina ikataya ina ifikitse. Sipatayika kanthu, koma liwiro limatsika. Pa ntchito imeneyi palibe chaulere. Ukafuna mawu oyera umapereka nthawi, ukafuna changu umalandira ndi phokoso lomwe.

Ndinayesa monga timayesera tonse. Linali Lachiwiri m'mawa, kugolosale kulibe anthu. Ndinakhala pabedi la amayi n'kuimbira kasitomala wanga wina amene anasamukira ku Joni.

"Ukundimva?"

"Ngati uli m'thumba mwanga."

"Tawerenga manambala ndimve."

Anawerenga, ndipo panalibe nambala imene inaduka. Ndinachotsa busita n'kuiponya m'bokosi la zitsulo zakale. Pa ntchito yathu funso ndi lomwelo, ukundimva. Palibe kasitomala amene anandifunsapo kuti ukundimva liti.

Koma amayi ndi amalume sacheza ngati ine ndi makasitomala. Iwo amapatsana malonje. Kale mlendo wochokera kumudzi akafika pakhomo pano, akangomwa madzi, ankakhala pansi n'kufotokoza zonse mwadongosolo: mmene anadzukira, amene anawasiya ali bwino, amene akudwala, mvula, mbewu, njira yonse. Womvera sakhala chete. Wofotokoza akanena kachigawo amaima, ndipo iwe uyenera kuikapo "eee", kapena "inde", kapena "pepani" ngati ndi zachisoni, uku ukuwomba m'manja pang'onopang'ono. Ukapanda kuvomera ndiye kuti nkhaniyo waikana, ndipo wakana ndi mwini wake yemwe. Akamaliza mlendo, wapakhomo amayamba ake. Ndili mwana ndinkadana nazo kwambiri, chifukwa tiyi ankazizira mlendo asanawoloke ndi Zambezi yemwe. Amalume malonje awo anawasamutsira pafoni osachotsapo kanthu. Lamlungu lililonse ankayambira pa tambala woyamba.

Tsono Lamlungu masana kugolosale kumadzaza achinyamata ndi mafoni awo, onse pa waifai yomweyo, ndipo mphepo imagwedeza mitengo ija. Mabokosi anga ankagwira ntchito yawo mokhulupirika, kumvetsera, kufunsanso, kudikirana. Mawu a amalume ankafika oyera, mpaka nkhuku za kuseri kwawo zinkamveka. Koma ankafika mochedwa, ndipo "eee" wa amayi ankachedwanso pobwerera. Amalume ankanena chigawo n'kuima. Zii. Ankadikira, kenako n'kupitiriza mtima ukuwawa, ndipo apo m'pamene "eee" ankawagwera pakati pa mawu. Iwo n'kuima, poganiza kuti achemwali awo akufuna kulankhula. Amayi n'kumadikira. Kenako onse n'kuyambira limodzi, onse n'kusiyira limodzi. Ndinaziona ndithu nditaima pachitseko, ndipo ndinati azolowera. Anthu amalankhula choncho ndi ana awo a ku Ingalande tsiku ndi tsiku ndipo safa.

Zimene zinachitika Lamlungu lomaliza tinazimva kwa akazi a amalume, amene anaimbira achemwali anga mobisa. Amalume anafotokoza za mbuzi ya mnansi wawo imene inalowa m'tchalitchi n'kudya maluwa a paguwa mlaliki atatsinzina pakati pa pemphero. Anaima kuti mlongo wawo aseke. Kunali zii. Ndiye anameza malovu n'kupita ku nkhani yotsatira, imene anaisungira kumapeto: kuti msuweni wawo wamkazi, amene ankatunga madzi ndi amayi ali atsikana, anamuika m'manda sabata lomwelo. Atangotchula maliro, m'foni munatuluka kuseka kwa amayi, kuseka kochokera pansi pa mtima, koyera, kopanda phokoso ngakhale pang'ono. Mabokosi anga anakufikitsa konse. Amalume anatseka foni n'kuipereka kwa akazi awo. Anati mlongo wawo wasanduka wa m'tauni, ndipo iwo sangamapereke malonje kwa munthu woseka maliro.

Kuno amayi ankaseka mbuzi. Makutu awo ngolemera kale, za maliro sanazimve n'komwe, anangoona foni yazima. Atamva kwa achemwali analira, kulira msuweni ndi kulira manyazi. Achemwali anayesa kufotokoza kudzera mwa akazi a amalume kuti ndi makina, koma amalume anati makina saseka.

N'zimenezo tinkakanganira pakhomo tsiku la pulayala lija.

"Busita ija inkaduladula mawu," ndinatero. "Inu nomwe munkadandaula."

"Ndinkadandaula ine, osati iwo. Unawafunsa eni ake?"

"Ndifunse munthu ngati akufuna madzi oyera kapena amatope?"

"Wakura asi hauna njere," anatero, n'kulowa m'nyumba. Ndiye kuti ndakula koma nzeru ndilibe. Anayamba kundiuza zimenezo ndisanamere ndevu.

Ndinakatola pulayala mu repu, n'kupita kuchipinda kwa amayi mawu ali okonzeka m'kamwa, oti amalume ndi amakani, oti munthu wamkulu sanyanyala ngati mwana. Ndinawapeza atakhala pabedi, foni ili pamiyendo, ataikulunga m'kansalu monga amachitira ndi Baibulo lawo.

"Wabwera kudzakalipa ndi kuno komwe?" anandifunsa.

"Ayi amayi."

"Nkhope yako ikuti inde. Khala pansi, ukunditchingira kuwala."

Ndinakhala. Ndinawafotokozera za mabokosi, za nyanga zinayi, kuti chiikireni sipanatayike liwu ndi limodzi lomwe. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, osavomera ngakhale kamodzi. Ndinkaima, iwo zii, maso ali pa ine. Pofika pakati ndinali nditayamba chibwibwi, thukuta lili pamphuno. Sindikudziwa ngati anachita dala.

Kenako anati, "Chija cha chitini chija unachitaya?"

"Chilipo. Koma chija n'choipa, amayi. Mawu ena amatsala panjira."

"Otsalawo ndimafunsa, amabwereza. Kubwereza si kunyoza. Tikuthamangira kuti ife?"

"Ngakhale nditachibwezera, amalume sakuyankha foni."

"Yanga sakuyankha," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Mpaka lero ndimati ntchito ija inali yabwino, ndipo aliyense wodziwa mawaya akanaiona akanandigwira chanza. Ndinatuluka m'chipindamo mtima uli phwii. Mu kombi yobwerera kwanga ku Seke ndinakangana ndi mayi wina pa nkhani ya windo, kunyumba ndinakalipira galu, ndinakalipira ndi mchere womwe wa mu ndiwo. Mkazi wanga anangotola mbale n'kunena kuti ndikakonzeka kulankhula ngati munthu ndimudzutse.

M'mawa mwake ndinafika ndi makwerero dzuwa lisanatenthe. Ndinatsitsa bokosi la padenga pathu, n'kukatsitsa la kwa telala, amene anandifunsa ngati zawonongeka ndipo ndinamuyankha kuti asamale za masiketi. Ndinafukula busita m'bokosi la zitsulo, ndinapala dzimbiri pa mawaya, n'kulozanso eriyo kunsanja. Achemwali ankasesa pabwalo osandiyang'ana, koma anasesa malo amodzimodzi nthawi yonseyo.

Kenako ndinalowa kwa amayi, ndinakhala pansi pa simenti, n'kuimba pafoni yanga. Anayankha akazi a amalume, mawu awo ali m'chitini muja.

"Alipo, koma akuti alibe mawu."

"Auzeni kuti si achemwali awo ayi. Ndine mphwawo wa ku Halale, mwana wa achemwali awowo, ndafika pakhomo pawo ndi malonje."

Mwini mbumba akhoza kunyanyalira mlongo wake, koma mphwake wobwera ndi malonje samubweza. Panamveka phokoso, chitseko, nkhuku, kutsokomola. Kenako m'foni munamveka kupuma kwa amalume.

Ine sindinaperekepo malonje chibadwire. Chichewa changa cha pakamwa n'cha m'misewu ya Zengeza, chodzaza zigamba. Ndinaika foni pabondo, ndinawomba m'manja pang'onopang'ono, n'kuyamba.

"Amalume, ife kuno tadzuka. Ine ndadzukira ku Seke tambala atalira kale, ana ndi mayi awo ndawasiya ali bwino."

Ndinaima. Foni inkangolira ngati mafuta pamoto. Amayi anali atagwira m'mphepete mwa bedi ndi manja onse.

"Eee," anatero amalume, mouma, koma pa nthawi yake.

"Ndakwera kombi ndi makwerero anga. Kondakitala watukwana, inenso ndamutukwana."

"Eee."

"Ndafika pakhomo pano, ndapeza mayi anga, mlongo wanu, ali ndi chisoni cha maliro a msuweni wawo. Chimvereni sanadye bwino."

Mawu anaduka pamenepo, sindinamve chimene anayankha.

"Mwati bwanji amalume?"

"Ndati pepani. Pitiriza."

Ndinapitiriza. Pa nkhani ya padenga ndinali ndisanafike, ndipo sindinathamangire. Ndinangosendeza foni kufupi ndi bedi, kuti ndikamaliza anga, amalume n'kuyamba awo, wovomera akhale amayi.